Maganizo anga: anthu okhala m'linga la Jaisalmer asachotsedwemo

Sabata yatha mnzanga wina amene tinkaphunzira limodzi ku India anandilembera kuti, "Achimwene, boma la kumene kuja likanangowasamutsa anthu onse a m'linga muja, malowo atsale osungirako mbiri basi." Ndinamuyankha mwachidule kuti sindikugwirizana naye, koma mtima sunakhale pansi. Ndiye ndati ndilembe pano mofatsa. Ambiri a inu munaonapo zithunzi za malowa pa Facebook kapena pa Instagram, mpanda wachikasu uja wowala ngati golide dzuwa likamalowa. Za anthu amene amagona ndi kudzuka mkati mwa mpandawo ndi zomwe sizimveka kawirikawiri.

Jaisalmer ndi mzinda wa m'chigawo cha Rajasthan, kumadzulo kwenikweni kwa India, m'chipululu cha Thar, kufupi ndi malire a Pakistan. Ine ndinapitako pa tchuthi cha mu Disembala, pa sitima yochokera ku Jaipur, ulendo wa usiku wonse. Kutacha ndinasuzumira pawindo, kunja kuli mbee, mchenga ndi zitsamba zaminga basi, kenaka patali ndinaona chinthu chonga phiri losemedwa ndi manja. Limenelo ndilo linga limene mfumu Rawal Jaisal inamanga m'chaka cha 1156 pamwamba pa phiri la Trikuta. Lili ndi nsanja 99 kuzungulira mpanda wake. Eni ake amalitcha Sonar Quila, kutanthauza linga la golide, chifukwa cha mtundu wa miyala yake. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse, pamodzi ndi malinga ena asanu a ku Rajasthan: Chittorgarh, Kumbhalgarh, Ranthambore, Gagron ndi Amber.

Kuti mulowe mumakwera chitunda pa msewu wa miyala yoterera chifukwa chopondedwa zaka mazana, n'kudutsa zipata zinayi: Akhai Pol, Suraj Pol, Ganesh Pol ndi Hawa Pol. Mukangotulukira pabwalo la Dussehra Chowk mumazindikira kuti mwafika pamudzi. Ndinaona ana atavala yunifomu akuthamangira kusukulu, ng'ombe itagona pakati pa kanjira, telala akupalasa makina ake pakhomo, amayi akuyanika zovala pa khonde losemedwa mwaluso loti kwina akanalitchingira ndi galasi. Anthu masauzande angapo amakhala m'menemo, ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za ansembe achi Brahmin ndi za anthu amene ankatumikira mafumu, ndipo nyumba zawo analandira kwa makolo awo. Akachisi asanu ndi awiri a chipembedzo cha Jain amene ali mkatimo amapembedzeramo mpaka lero. Mlendo amavula nsapato ndi lamba wachikopa pakhomo, chifukwa a Jain amadana ndi kupha chamoyo chilichonse. Pansi pa kachisi mmodzi pali kachipinda kotchedwa Gyan Bhandar kosungiramo mabuku akalekale olembedwa pamanja pa masamba a mgwalangwa.

Tsono vuto limene mnzanga uja akunena lilipodi, ndipo sindikufuna kulichepetsa. Linga likugumuka, ndipo chikulidya ndi madzi.

Anthu amene analimanga ankadziwa kuti kwawo mvula ndi mlendo. Miyala yambiri anangoisema bwino n'kuilumikiza yokhayokha popanda matope kapena simenti. Ngalande zimene anakonza zinali zotulutsa madzi ochepa. Madzi akumwa amayi ankakatunga m'zitsime kapena ku dziwe la Gadisar, limene mfumu Gadsi Singh inakonza m'zaka za m'ma 1300 kuti lizisunga madzi a mvula, n'kukwera nawo chitunda chija mitsuko ili pamutu. Amene tinakula tikusenza ndowa kuchokera ku mjigo tikudziwa mmene munthu amasamalira madzi oterowo. Sungatayire pansi madzi amene khosi lako lawavutikira. Lero madzi amafika m'linga kudzera m'mipopi, ndipo dera lonselo likupindula ndi ngalande yaikulu ya Indira Gandhi Canal, imene imatenga madzi a mitsinje ya Sutlej ndi Beas kuchokera ku Punjab. Limenelo ndi dalitso, palibe mayi angafune kubwerera ku mtsuko. Koma madzi amene amalowa ayenera kutulukanso, ndipo m'pamene pagona nkhani. Mapaipi a madzi oipa akamadontha, madziwo amalowa pansi, m'phiri limene mkati mwake muli miyala yofewa ndi dongo. Dongolo likanyowa limasuntha, ndipo khoma limene lakhalapo zaka zoposa 800 limayamba kung'aluka. Zigawo zina za mpanda zinagwapo kale, nyumba zina zachifumu zinawonongeka, ndipo mu 1996 bungwe la World Monuments Fund linaika lingali pamndandanda wa malo a mbiri amene ali pangozi.

Usiku wanga woyamba ndinagona mkati mwa linga, m'kanyumba ka alendo ka banja lina. Ndinali nditatopa ndi fumbi la ulendo, ndipo ndinasamba nthawi yaitali osaganiza chilichonse. M'mawa ndikumwa tiyi padenga, ndinaona agogo aakazi a pabanjapo atakhala pansi akutsuka mbale zachitsulo. Ankayamba kuzikwecha ndi mchenga wouma mpaka mafuta onse atachoka, kenaka n'kutsukuluza ndi timadzi ta m'kapu. Madzi otsukira mpunga sanataye, anakapatsa ng'ombe pakhomo. Ndinawapatsa moni wa kumeneko, "Khamma ghani," nditagwirizanitsa manja, iwo n'kumwetulira. Kudzera mwa mdzukulu wawo amene ankamasulira, anandiuza kuti ali mtsikana ankapita ku Gadisar mbandakucha ndi anzawo, ndipo madzi a mtsuko umodzi ankagwira ntchito zitatu asanafike pansi. Sanandidzudzule, mwinanso sankadziwa n'komwe kuti ndasamba motani. Koma ine ndinawerengera mumtima kuti madzi amene ndinataya usiku uja akanawakwanira agogowa masiku angapo. Masana ake ndikuzungulira kunja kwa mpanda ndinaona malo akuda pakhoma pomwe madzi ankatuluka pakati pa miyala, udzu utamera, fungo la ngalande lili guu. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti ena mwa madziwo anali anga.

Ndiye munthu akamati achotsedwe anthu a m'linga, ine ndimafunsa kuti akuchotsa ndani kwenikweni. Agogo aja atsike chitunda akakhale m'nyumba ya simenti kunja kwa mzinda, kuti ife odzacheza masiku awiri tizijambula makoma opanda zovala zoyanikidwa? Amene amadziwa kukhala m'linga popanda kuliwononga ndi iwowo. Makolo awo anakhalamo mibadwomibadwo, linga linazingidwapo ndi ankhondo a mfumu Alauddin Khalji ya ku Delhi, linaona chilala ndi njala, koma makoma anaima. Kugumuka kwakula pamene zipinda zogona zinasanduka mahotela, chipinda chilichonse ndi bafa lake ndi chimbudzi chogejemula, madenga n'kusanduka malo odyera okhala ndi mathanki a madzi pamwamba.

Sindikunena kuti eni mudzi alibe mbali yawo. Mahotelawo ndi awo. Ena anawonjezera zipinda pamwamba pa nyumba zakale, kulemetsa maziko amene sanakonzedwere katundu wotero. Ena anamata simenti pa miyala yosemedwa. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga ndipo sizinandisangalatse. Koma tisanawaloze chala tifunse kuti akanadya chiyani. Jaisalmer inalemera kalekale chifukwa cha amalonda a ngamila amene ankadutsa pamenepo popita ku Sindh, ku Persia ndi kutsogolo, atanyamula nsalu, zonunkhiritsa ndi katundu wina, n'kumalipira msonkho kwa mfumu. Chuma chimenecho ndicho chinamanga nyumba zikuluzikulu za amalonda zotchedwa haveli, monga Patwon ki Haveli imene Guman Chand Patwa anayamba kumanga mu 1805, nyumba zisanu za ana ake aamuna asanu, makonde ake osemedwa ngati nsalu yoluka. Malonda atasamukira pa nyanja kudzera ku doko la Bombay, ngamila zinayamba kuchepa. Mu 1947 India ndi Pakistan atagawikana, njira ya kumadzulo inatsekeka. Mzinda unatsala kumapeto kwa msewu. Alendo ndiwo anabweretsanso ndalama, ndipo mu 1974 filimu ya Satyajit Ray wa ku Bengal yotchedwa Sonar Kella inachititsa kuti anthu ambiri a ku Bengal azifuna kudzaliona lingali, mpaka lero amabwera mwaunyinji. Bambo amene ali ndi ana asukulu ndi chipinda chopanda munthu, mlendo n'kumugogodera ndi ndalama m'manja, angakane bwanji?

Amene akufuna kuona mmene mudzi wamiyala umaonekera anthu akachokamo apite ku Kuldhara, mtunda wosafika ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Jaisalmer. Unali mudzi wa anthu a mtundu wa Paliwal, alimi odziwa kukolola madzi a mvula m'chipululu, ndipo anausiya m'zaka za m'ma 1800. Anthu amasimba nkhani zosiyanasiyana za chifukwa chake, ena amati nkhanza za nduna Salim Singh, ena amati madzi anauma. Ine ndinayendamo mphindi zochepa chabe. Misewu yake ndi yowongoka bwino, makoma alipo, madenga ambiri anagwa, kuli zii. Alendo amajambula zithunzi n'kukwera galimoto. Nyumba yopanda mwini siikhalitsa, palibe woona mng'alu ukadali waung'ono, palibe wochotsa kamtengo kamene kamera pakhoma. Ndinabwerera ku Jaisalmer madzulo amenewo ndi chisoni chachikulu, ndipo phokoso la njinga zamoto m'tinjira ta m'linga, limene linkandinyansa dzulo lake, linandikhazika mtima pansi.

Usiku womwewo ndinakumana ndi chinthu chimene chimandilimbitsa pa maganizo angawa. M'kanjira kena munali chisangalalo, mwana atabadwa pabanja lina, ndipo pakhomo panakhala amuna atatu ovala nduwira akuimba. Anali a Manganiyar. Awa ndi Asilamu, koma kuyambira kalekale amaimbira mabanja achi Hindu, ndipo banja lililonse la oimba limakhala ndi mabanja ake amene limawaimbira mibadwo yonse. Pa ukwati, pa kubadwa kwa mwana, amaitanidwa, ndipo amasunga pamtima mayina a makolo a banjalo n'kumawatchula m'nyimbo. Mmodzi ankakhwekhweza kamaicha, choimbira cha zingwe chokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, wina ankagogoda timatabwa totchedwa khartal m'manja mwake mwaliwiro lodabwitsa. Oimba omwewa mungawamve ku milu ya mchenga ya ku Sam akuimbira alendo pambali pa moto, ndipo amaimba bwino ndithu, koma kumeneko amaimba nyimbo zitatu zimene alendo amakonda n'kutolera ndalama. Pakhomo paja ankaimbira anthu amene agogo awo anaimbiridwa ndi agogo a oimbawo, ndipo amayi a m'nyumbamo ankayankha ndi mawu awo kuseri kwa chitseko. Palibe anandiitanitsa tikiti. Mnyamata wina anangonditambasulira mbale ya maswiti a ufa wa tchana otchedwa ghotua, ndinatenga limodzi, n'kuima pakhoma kumvetsera. Mabanja amenewa akabalalitsidwa m'maploti osiyanasiyana kunja kwa mzinda, sindikhulupirira kuti mwambo wotere ungakhale chimodzimodzi.

Chimene ine ndikanafuna n'chakuti akuluakulu a mzinda ndi a Archaeological Survey of India, amene amayang'anira mpandawo, aike mphamvu zawo pa mapaipi ndi ngalande, ntchito yosaoneka pa chithunzi koma imene moyo wa linga wagonapo. Ntchito zina zokonza zinachitikapo kale, ndipo mabungwe monga INTACH, la ku India losamalira malo a mbiri, anathandiza kukonzanso nyumba zina zachifumu, koma paipi imafuna munthu woiyendera chaka ndi chaka. Aike malire pa chiwerengero cha zipinda za alendo mkati mwa linga, ndipo lamulolo ligwire wolemera ndi wosauka mofanana. Aletse kuwonjezera zipinda pamwamba pa nyumba zakale. Ndipo pokambirana zonsezi eni mudzi akhale pampando, asamangomva zigamulo zochokera ku Jaipur kapena ku Delhi.

Pali funso limodzi limene limandivutabe. Mabuku ena otsogolera alendo analangizapo anthu kuti asamagone m'linga, ndipo eni mahotela a mkatimo anakwiya kwambiri, ponena kuti akuwalanda chakudya pakamwa pomwe vuto ndi mapaipi a boma. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa. Ine nditasamuka tsiku lachiwiri n'kukagona kumunsi, banja lija linataya ndalama ya masiku awiri, ndipo sindinganame kuti zinali zopepuka kuwauza. Chimene ndinachita n'chakuti ndinkakwera chitunda tsiku lililonse kukadya kwawo komweko. Ankandiphikira chapati cha ufa wa mchewere, chimene amati bajra roti, ndi ndiwo ya ker sangri, ya tizipatso ndi nyemba za mitengo ya m'chipululu zimene amaumitsa ngati mfutso. Ndinagula nsalu kwa telala uja, ndipo mdzukulu wa agogo aja ndi amene ndinamulipira kuti andiyendetse m'makachisi ndi m'nsanja. Ndalama inatsala m'mudzi, madzi anga osamba anapita m'ngalande za kumunsi kumene kulibe phiri loti ligumuke.

Mnzanga uja akuti akufuna kupitako mu Febuluwale, nthawi ya chikondwerero cha m'chipululu, pamene kumakhala mipikisano ya ngamila ndi yomanga nduwira. Ndamuuza kuti apeze chipinda kumunsi pafupi ndi bwalo la Gopa Chowk, akwere wapansi m'mawa ana asanapite kusukulu, ndipo akafika pa Dussehra Chowk akhotere kanjira kalikonse kopanda mashopu, akhale pansi pang'ono. Akabwerako tidzakambirananso za kusamutsa anthu.