Mlendo akafunsa choona wapansi, ku Mangochi timamuloza minibasi

Mwezi wa Ogasiti ndinagona masiku atatu pa resitihausi ina pa boma la Mangochi, chakuseri kwa msika. Dzina sinditchula, eni ake ndi anthu abwino. Chipinda chinali cha selefu, neti yopanda chibowo, fani yolira ngati chigayo koma mphepo ikutuluka ndithu. Mmawa wa tsiku lachiwiri ndikumwa tiyi pakhonde, kunatulukira mayi wina wa ku Lusaka ndi mwana wake wamkazi. Ulendo wawo unali wa mawa lake, ndiye anafunsa mnyamata wolandira alendo ngati pali choti angakaone wapansi.

Mnyamata uja osaphethira n'komwe: "Kuno kulibe choona, amayi. Mungokwera minibasi mupite kunyanja."

Tiyi anandiwawira m'kamwa. Ndinavala nsapato n'kuwauza kuti tiyeni, ndikuperekezani ine.

Sitinayende mtunda woti munthu n'kutuluka thukuta tisanafike pa nsanja ya wotchi, ija anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga womwe anthu a kabaza amaudutsa tsiku lonse osaucheukira. Unachokera pa sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawoloka nyanja n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Liuli, tsidya la Tanzania. Nkhani imati woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali mnzake womwa naye mowa wa Kaputeni Rhoades, woyendetsa Guendolen, ndipo anapalasa bwato kubwera akukalipa, kuganiza kuti mnzakeyo waledzera, osadziwa kuti ku Ulaya nkhondo yayamba. Mayi aja anaseka mpaka kugwira mzinga. Koma titawerenga chikumbutso cha sitima ya Vipya, yomwe inamira kumpoto kwa nyanja mu Julaye 1946 n'kupha anthu 145, kuseka kunatha. Tinakwera pa mlatho wa Bakili Muluzi, tinaima pakati, Shire akutsetsereka pang'onopang'ono kulowera ku Malombe, mabwato m'mphepete, migwalangwa ili ndandanda. Pamenepo ndinawafotokozera chifukwa chake Harry Johnston, mkulu wa atsamunda a ku Britain kuno, anamanga linga lake m'dera lino mu 1891: pa dooko la kwa Mponda ndi pomwe pankawolokera minyanga ya njovu ndi akapolo popita kugombe la nyanja ya mchere. Dzina lakale la Mangochi, Fort Johnston, linachokera pomwepo.

Zonsezi mnyamata uja amadutsapo kawiri patsiku. Sindikumunena. Palibe anamuuzapo kuti zimenezi ndi katundu wogulitsika.

Ineyo ndinaziphunzira kunja. Monga anyamata ambiri a kwathu, ndinakhalapo ku Joni. Sitigawana malire ndi South Africa, koma kwa munthu wa ku Mangochi, Joni ili pafupi kuposa Karonga. Tsiku lina bwana wanga ananditumiza kuperekeza alendo ake ku Soweto, tinagona m'nyumba ya alendo ku Orlando West. Inali nyumba wamba ya m'komboni, yongowonjezera zipinda kuseri. Chomwe chinandidabwitsa n'choti mayi mwini nyumba, akutithirira tiyi, sanadikire kuti tifunse. Anayamba yekha: mukufuna kuyenda wapansi kapena panjinga? Maola awiri kapena anayi? Anaimba foni, ndipo pasanathe nthawi panafika mnyamata wa nyumba yoyandikana, baji pachifuwa. Kumeneko woperekeza alendo amayenera kulembetsa kuboma, ndipo baji ndi umboni wake. Anatitenga mu Vilakazi Street, pa nyumba nambala 8115 ya Nelson Mandela, kutsikira kwa Desmond Tutu, mpaka pa chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wasukulu yemwe anaomberedwa pa 16 Juni 1976. Ankadziwa poima pali mthunzi, poti anthu akhale chete, ndi poti tigule kota, buledi wobowola pakati n'kuthiramo tchipisi ndi polony. Wogulitsa kotayo anali azakhali ake. Ndinaona ndalama ya mlendo mmodzi ikulowa m'makomo anayi dzuwa lisanafike paliwombo.

Koma pali china chomwe chinandikhala pakhosi. Madzulo tinapita ku Kliptown, komwe kunavomerezedwa chikalata cha ufulu cha Freedom Charter mu 1955, kenako anatilowetsa pakati pa mikhukhu. Alendo aja anatulutsa mafoni, kujambula mayi akuchapa, kujambula ana ali mbulanda, kujambula ngalande ya madzi onyansa. Ine ndinkagona mu mkhukhu ngati omwewo, dera lina. Ndinaima kumbuyo manja m'thumba, osadziwa ngati ndili mbali ya ojambula kapena ya ojambulidwa. Luso la Soweto ndimalisirira. Mbali imeneyi ayi, ikhale konko.

Kwa anansi athu enieni a pafupi, ku Mozambique, nkhani ndi yaifupi mukangolowera pa Chiponde. Ku Mandimba pensão ndi resitihausi yathu yomweyi, kusiyana kwake n'koti mmawa mumadya buledi wotentha wotchedwa pão ndipo pasipoti isamachoke m'thumba. Woperekeza alendo sindinamuone, chilankhulo pamsika ndi Chiyao chomwechi. Muyenera kupitirira Cuamba ndi Nampula mpaka pa Ilha de Moçambique kuti muone china. Chilumba chimenechi chili pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri otetezedwa kuyambira 1991, ndipo mukangotsika chapa, minibasi ya kumeneko, anyamata amakuzungulirani, aliyense akulonjeza linga la São Sebastião ndi katchalitchi ka 1522 kali kuseri kwake. Mtengo ndi wokambirana, pakamwa pako ndiye chikwama chako. Amene ndinapita naye ankaidziwa mbiri bwino, ndipo anandilowetsa ku Makuti, komboni ya nyumba zofolera ndi masamba a kokonati komwe kumakhala anthu ambiri a pachilumbapo. Kumeneko ndi komwe kunali kwawo. Asanandilole kujambula amayi odzola phala loyera la mussiro kumaso, anayamba wawapempha. Awiri anakana, basi tinapitirira. Zinandikumbutsa anyamata athu a ku Chembe: luso lilipo, koma aliyense payekha, tsiku lina wadya, tsiku lina wagona ndi njala.

Mayi wa ku Lusaka uja anandiuza kuti kwawo ku Livingstone, loji iliyonse imadziwa kutumiza mlendo kumudzi wa Mukuni akatopa ndi mathithi. Sindinafikeko, ndiye ndisiyire pomwepo.

Omwe ndimawachitira kaduka kwenikweni ndi a ku Tanzania. Gesti zawo sizoposa zathu: buku lalikulu lolembamo dzina, komwe mwachokera ndi komwe mukupita, ndowa m'bafa, patapata wamitundu iwiri pakhomo. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anakhazikitsa ndondomeko yoti midzi izilandira yokha alendo. Ku Mto wa Mbu mumalowa mu kaofesi, mitengo ili pakhoma, mumalipira, amakupatsani lisiti, ndipo gawo lina la ndalamayo n'lachitukuko cha mudzi. Kenako mumayenda m'minda ya nthochi ndi mpunga, mumalawa mowa wa nthochi, mumadya chakudya chophika amayi a komweko. Palibe wokukokani mkono, palibenso wokuonetsani umphawi wa munthu ngati nyama ya m'paki. Chomwe akuonetsa ndi ntchito ya manja awo.

Ndipo ku Zanzibar n'komwe ndinachita manyazi osaiwalika. Pa Mkunazini, pomwe Aangilikani anamanga tchalitchi pamalo pomwe panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873, woperekeza alendo anatilowetsa m'kachipinda ka pansi, kotentha, denga lake lotsika. Pofotokoza komwe anthuwo ankachokera anatchula Nyasa, anatchula Wayao. Ndinalipira ndalama kuti ndimve nkhani ya kwathu m'kamwa mwa mwana wa eni ake. Iwo ali kumathero a njira ija ndipo akudyerapo. Ife tili kumayambiriro kwake, kwa Mponda, kwa Makanjira, kwa Jalasi, ndipo tikuti kuno kulibe choona.

Chathu choposa onsewa chilipo. Pa boma la Mangochi munthu amayenda wapansi mtima uli m'malo, ndipo palibe choyeserera. Mayi wokazinga usipa sakukazingira mlendo, akukazinga chifukwa ndi ntchito yake. Mwana wa mayi aja ataphunzira kupereka moni wa Chiyao woti "ajimwiche uli" pamsika wa nsomba, mzere wonse wa amayi unaombera m'manja, wina n'kumuninkha kambuzi wa ku Malombe m'kapepala osalipiritsa. Zimenezi ku Vilakazi Street simungazipeze, kumeneko moni aliyense ali ndi mtengo wake.

Vuto lathu n'loti bedi lili pakepake, nkhani ili pakepake. Eni maresitihausi amawerengera ogona usiku umodzi: madalaivala, ogula nsomba, ndi ena aja osafuna kulemba dzina m'buku. Operekeza alendo onse anathawira ku Cape Maclear, komwe amadziwa kuponyera nkhwazi nsomba ku Thumbi ndi kuonetsa manda a amishoni omwe anafika mu 1875. Pakati pa awiriwa palibe foni. Ndipo tonse tikudikira mzungu, pomwe mahotela a m'mbali mwa nyanja amadzaza ndi Amalawi anzathu a misonkhano, omwe pofika Lachitatu amakhala atatopa ndi dziwe losambiramo. Aphunzitsi amabwera ndi ana pa basi, kujambulitsa pa nsanja, n'kubwerera osalowa mu Lake Malawi Museum yomwe ili pafupi pomwepo. Ndikanakhala mwini resitihausi ndikanatengera mayi wa ku Orlando West pa kufunsa mlendo asanafunse, ndikanatengera a ku Mto wa Mbu pa mtengo wapakhoma ndi gawo la mudzi, ndipo lamulo la kujambula ndikanalitenga kwa mnyamata wa ku Makuti. Kuno n'kwa Asilamu ambiri. Mayi ali padooko kapena bambo akutuluka mumzikiti Lachisanu sungangomuloza foni.

Pobwerera mayi aja anandipanikiza K10,000 m'manja. Ndinakana, anaumirira, ndinaipereka kwa mnyamata uja pamaso pawo. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine.

"Achimwene, kungoyenda basi?"

Tsiku lonyamuka ndinapeza wamata kakatoni pakhoma, pansi pa chidziwitso choletsa kuchapira m'chipinda. Analemba ndi makala kuti oyenda wapansi afunse pano. Mtengo sanalembe. Pondipatsa chenji anandifunsa motsitsa mawu kuti mzinga uja ndinati ndi wa nkhondo iti.