Mdadada uyambe, nyumba ya maloto idikire

Ndili ndi zaka 47, ndipo lero ndinena zimene anzanga a msinkhu wanga sakonda kumva. Ngati muli ndi puloti m'tauni, yambani ndi mdadada.

Tayendani ku Area 49 kapena ku Machinjiri muone. Zinyumba za zipinda zisanu zangoima zopanda denga, udzu ukumera pabalaza, mwini wake akadali pa lendi. Ine ndinamanga zitseko zinayi ku Area 25, chilichonse chipinda ndi balaza basi. Si zokongola ayi. Apongozi anga atabwera kudzaona anandifunsa ngati ndikutsegula sukulu ya mkaka. Koma mwezi ukatha foni imalira kanayi.

Chinanditsegula maso ndi kwacha. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Timakobidi timene ndinkasunga kubanki tinasungunuka ndikuona. Penshoni imene timaidalira ija, 5 peresenti imene amatidula ndi 10 imene abwana amaonjezera, nayonso ili m'kwacha yomweyo. Makoma anga sanasunthe. Lendi imakwera mochedwa, inde, koma imakwera.

Chimene ndimakana ndi kumangira ngongole ya kubanki. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amakongoza pamwamba pa pamenepo. Lendi ya chipinda ndi balaza ingabweze zimenezo? Ife tinamangira chipereganyu cha kuntchito ndi banki m'khonde ya mayi a kunyumba. Mwezi uno simenti, mwezi wamawa malata, wotsatira mmisiri. Chitseko choyamba chitatha tinalowetsa munthu, ndipo lendi yake ndi imene inafolera chachiwiri.

Tsono wina asakunamizeni kuti ndi ndalama yobwera uli chigonere. Ine ndinapusa, ndinaika mita imodzi ya magetsi pa mabanja anayi. Mayi wina ankaphika nyemba pa mbaula ya magetsi kuyambira m'mawa, mnyamata wa chitseko cha kumapeto ali ndi babu limodzi ndi tchaja. Mayunitsi akatha, onse pakhomo panga usiku, aliyense akuloza mnzake. Ndinakhala nyakwawa osafuna. Panopa khomo lililonse lili ndi mita yake, ndipo ndimagona.

Za achibale ndingodutsapo. Msuweni wanga anakhalamo miyezi isanu ndi iwiri akundilipira ndi moni. Nditatchula za lendi, nkhani inafika kumudzi kuti ndayamba kukhwima. Ndipo mapepala a malo atsatireni mpaka ku Lands, kalata ya amfumu yokha musaidalire.

Ndikulemba izi ndikudikira galimoto yopopa chimbudzi. Lendi ya chitseko chachitatu ya mwezi uno yathera pomwepo, yachinayi ikagula simenti ya chachisanu.