Musanagule njinga, ganizirani kaye amene adzaikonze

Anzanga a ku Dedza ndi Ntcheu, anthu akagulitsa kachewere ndi nyemba ambiri amathamangira kukagula njinga, ndiye ndiloleni ndinenepo maganizo anga.

Tikafika pogula, maso amathamangira penti, belu ndi dzina lolembedwa pa felemu. Kwa ine funso loyamba ndi ili: njingayi ikafera panjira pakati pa Bembeke ndi Lizulu, adzaikonze ndani, ndipo zipangizo zake adzazitenga kuti?

Taonani njinga za kaunjika za magiya zija. Ndi zopepuka, pachitunda sizitopetsa, ndipo sindikuzinyoza ayi. Koma zina zimabwera ndi mateyala a saizi 27.5 kapena 29, zina mabuleki ake ndi a mafuta. Kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo kaja kakangopindika, bambo okonza njinga pansi pa mtengo pamsika amangopukusa mutu. Njinga imatha miyezi ili chitsamire kuseri kwa chitseko kudikira wopita ku Lilongwe, mwini wake akulipira kabaza tsiku ndi tsiku. Pamene njinga yathu ija ya saizi 28, kaya ndi Humber, Phoenix kapena Hero, chubu, tcheni, kotapini, masipoko, zonse mumazipeza pa tsiku la msika, ndipo mnyamata aliyense wa kabaza amadziwa kuimasula n'kuimanganso. Kwa munthu wakumudzi amene njinga ndiyo imapita kuchigayo, kumunda ndi kuchipatala usiku, izi ndiye zofunika kuposa zonse.

Mukakhutira pamenepo, gwadani muone gudumu lakumbuyo, chifukwa ndi limene limasenza mavuto onse. Matumba a kachewere osokerera pamwamba aja si masewera. Tukulani njinga, zunguzani gudumu, muyang'anitsitse limu pamene ikudutsa pa mabuleki. Ikamapita uku ndi uku, dziwani kuti yayamba kale kupindika. Finyani masipoko awiriawiri ndi zala. Akhale olimba mofanana, pasakhale ena olobodoka. Gwedezaninso gudumulo cham'mbali, mukamva kugogoda ndiye kuti habu yalobodoka kapena yatha. Keliyala nayo ikhale ya chitsulo chenicheni. Ya njinga za Buffalo anaipangira katundu wofika makilogalamu 100, n'chifukwa chake anthu amazikhumbira ngakhale mtengo wake uli wokwera. Komabe nazonso funsani kaye kumene mungapeze zipangizo zake pafupi.

Za mabuleki ndiye ndimadandaula kwambiri. Kwathu kuno si kuchidikha. Aliyense amene anatsikapo Khwekhwelere kulowera ku Golomoti akudziwa kuti kumeneko moyo uli m'timphira tiwiri timene timagwira limu. Mabuleki a zitsulo a njinga zakale aja amagwira bwino kukakhala ng'amba, koma limu ikanyowa ndi mvula kapena chifunga cha ku Dedza chija, amaterereka. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, akutsika chitunda akuimitsa njinga ndi chidendene pa teyala. Yesani mabuleki onse awiri musanapereke ndalama, ndipo timphira tikhale tatsopano.

Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, penti watsopano asakunamizeni. Pititsani chala m'malo olumikizira felemu, pafupi ndi foloko ndi kunsi kwa chishalo. Mukamva chotupa chachilendo, mwina panathyokapo n'kuwotcherera, ndipo pakhoza kudzathyokanso mutasenza katundu. Wogulitsayo akupatseni lisiti kapena mulemberane pamaso pa mboni, nambala ya felemu ilembedwe, chifukwa njinga zakuba zilipo ndipo wopezeka nayo ndi amene amavutika.

Pomapita kokagula tengani okonza njinga a kwanuko, muwapatse kangachepe ka tsikulo. Pa ndalama zanuzo musiyeko ya pampu, chubu chapadera ndi girisi, chifukwa njinga zambiri zatsopano amazimanga mothamanga, ndipo zimafunika kuzimangitsanso musanayambe kusenzetsa katundu.