Ku Whitby wolamula ulendo ndi nyanja, osati wotchi yanu

Inu amene muli ku England ndipo mukufuna kukapitidwa mphepo ku Whitby, kugombe la North Yorkshire, maganizo anga ndi akuti musanafufuze za basi, fufuzani kaye nthawi imene nyanja idzadze ndi imene iphwe. Ambirife tinazolowera nyanja ya Malawi, yoti pamene mwasiya madzi m'mawa mumawapeza pomwepo madzulo. North Sea si choncho. Imadzadza kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Pakatha sabata yasuntha ndi maola ngati 6. Ndiye mnzanu akati "ife Loweruka lapitali tinayenda pamchenga masana," dziwani kuti Loweruka lino masana omwewo pamchengapo pali madzi okhaokha. Lembani "Whitby tide times" pa foni, muone tsiku lanu lenilenilo.

Madzi akamaphwa, pitani kugombe. Kuchoka ku Whitby kukafika ku Sandsend ndi mamailosi 3, ola limodzi ndi kanthu mukamayenda mosathamanga. Nyamukani kutatsala maola awiri kuti madzi aphweretu, mpata wobwerera ukhalepo. Ku Saltwick Bay, kumene anthu amatola miyala yokhala ndi zigoba za nkhono zamakedzana, n'kumene kumafunika maso kwambiri. Madzi amayamba kutseka m'makona a matanthwe, inu mutawerama kusakasaka miyala, mukamadzuka njira yatha. Tolani zomwe zagwa kale, musagogode thanthwe kapena kukhala m'tsinde mwake, chifukwa mwala wake ndi wofumbutuka, umagumuka wokha. Mukatsekeredwa musayese kukwera chiphedicho. Imbani 999 mupemphe Coastguard, opulumutsa anthu panyanja.

Madzi akadzadza, imeneyo ndi nthawi ya m'tauni. Koma nakonso nyanja ili ndi mawu. Mlatho wa pa mtsinje wa Esk, womangidwa mu 1909, umatembenuka kuti maboti adutse, ndipo izi zimachitika m'maola awiri madzi asanafike pachimake ndi awiri atangofikapo. Siteshoni ya sitima ili tsidya la kumadzulo, Whitby Abbey, mabwinja a nyumba yakale ya amonke, ili la kum'mawa. Ngati sitima yanu yayandikira, wolokani msanga, popeza za ku Middlesbrough n'zowerengeka pa tsiku ndipo ulendo wake ndi wa ola ndi theka.

Kukafika ku Abbey mumakwera masitepe 199. Pali mabenchi m'njira, agogo asaope, angopumira. Malowa anayamba mu 657 motsogozedwa ndi sisitere wina dzina lake Hilda, ndipo mu 664 kunachitikira msonkhano umene unagamula kawerengedwe ka tsiku la Pasaka. Polowa m'mabwinjamo mumalipira, koma pabwalo la tchalitchi cha St Mary, pamwamba pa masitepe pomwepo, doko lonse mumalionera ulere. Kwa banja lalikulu, ine ndimati pamenepo pakwanira.

Chimene chimaononga tsiku la anthu ambiri ndi umbombo wa malo. Mudzi wa Robin Hood's Bay ndi sitima ya malasha ya North Yorkshire Moors Railway sizilowa tsiku limodzi. Sitimayo kupita ku Pickering ndi mamailosi 24, pafupifupi maola awiri kupita kokha, komanso siyenda chaka chonse. Sankhani chimodzi. Mukasankha Robin Hood's Bay, yendani wapansi m'njira ya Cleveland Way pamwamba pa matanthwe, maola atatu, nsapato zogwira matope, n'kubwerera pa basi ya X93. Agalimoto amaimika kumtunda kwa mudziwo, kumunsi n'kwa miyendo, ndipo chitundacho pobwerera n'chowawa ngati mukukankha mwana.

Za galimoto m'tauni ya Whitby m'chilimwe, musadzivute. Isiyeni pa park and ride ya pamsewu wa A171, mulowe pa basi.

Nsomba ndi tchipisi gulani ndithu, koma musadyere poyera m'mbali mwa doko. Mbalame za kunyanja zija zimabwera chakumbuyo, kudutsa paphewa, n'kutsomphola nsomba m'manja. Tsamirani khoma, bokosi likhale lotseka pakati pa nthongo ndi nthongo, ndipo ana muwauziretu kuti asaziponyere kanthu.