Lamba wa bambo anga ankadutsa m'khwapa

Loweruka lapitali tinapita kumaliro ku Dedza pa galimoto ya bambo anga, eni ake ali pa chiwongolero. Ali ndi zaka 74 ndipo makiyi sapatsa munthu. Tisanafike n'komwe pa Nathenje ndinaona kuti lamba amanga ndithu, koma wadutsa m'khwapa, osati paphewa. Nditawafunsa anangoti, "Amandicheka pakhosi ameneyu. Ndinayamba kuyendetsa iwe usanabadwe, lero undiphunzitse?" Kumbuyo kunali azakhali, ndiye ndinangoti chete.

Koma nkhaniyi yandikhala pamtima, ndipo ndaona kuti bambo sankanama ayi. Lamba ankawachekadi. Munthu akamakalamba msinkhu umabwerera, msana umapindika pang'ono, khosi limauma. Mpando umene anauchuna zaka khumi zapitazo ukadali pomwepo, koma thupi lokhalapo si lomwe lija. Ife ana timathamangira kunena kuti madala ndi amakani, ena mpaka kuyamba kunong'onezana zowalanda makiyi, chonsecho palibe amene anagwadapo pambali pa mpandowo n'kuona chimene chikuwasautsa.

Lamba wa m'khwapa ndi woopsa kwambiri kwa munthu wachikulire. Lamba amene tili naye lero, wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, anamukonza Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo nzeru yake inali yoti galimoto ikawomba, mphamvu yonse igwere pa mafupa olimba, la paphewa ndi a m'chiuno. Mukamulowetsa m'khwapa, mphamvuyo imatsikira pa nthiti ndi pamimba, mutu n'kupita kutsogolo popanda chougwira. Nthiti za munthu wa zaka 74 si za mnyamata. Zimathyoka msanga, zimachedwa kupola, ndipo munthu akamalephera kupuma bwino chifukwa cha ululu, chibayo sichichedwa kulowa. Musati n'zochitika pa liwiro la pa M1 pokha. Kuwomba chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limati lamba amachepetsa mpaka ndi theka chiopsezo chofa pangozi, koma akunena lamba womangidwa bwino, osati uja timakoka mwachangu tikaona atrafiki kutsogolo, kapena uja womangiratu kuseri kwa msana kuti galimoto isiye kulira.

Lamlungu m'mawa, tili awiri, ndinawapempha kuti akhale pampando injini ili yozima. Sindinawauze kuti amalakwitsa. Ndinangoti tione ngati kuchekako kungathe. Pa chipilala cha pakati pa zitseko, pamene lamba amatulukira, magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan ali ndi kabatani kokwezera kapena kutsitsira lambayo. Bambo akhala ndi galimotoyi zaka zonsezi osadziwa kuti kalipo. Kanali pamwamba penipeni. Titakatsitsa, lamba anachoka pakhosi n'kukhala pakati pa phewa. Wam'munsi tinamutsitsa kuchoka pamchombo kufika pa mafupa a m'chiuno, chijasi chokhuthala chija atavula.

Kenako mpando. Anali atausendeza kutsogolo mpaka chifuwa kutsala pang'ono kukhudza chiwongolero, ati kuti aziona bwino msewu. Pamenepo ndi pamene airbag, thumba la mpweya loteteza munthu pangozi, imaphulikira, ndipo akatswiri amalangiza kuti pakati pa chifuwa ndi chiwongolero pazikhala masentimita osachepera 25. Chimene ankafuna bambo n'kukwera m'mwamba, osati kusendera kutsogolo. Tinakweza mpando, n'kuubweza kumbuyo kufikira pamene phazi limapondabe buleki mpaka pansi bondo lili lopindika pang'ono. Kapilo kofewa kamene amayi anawasokera kokhalira tinakachotsa, chifukwa pangozi kamatereka munthu n'kulowa kunsi kwa lamba. Amayi sanakondwe nazo, imeneyo ndi nkhani ina. Chotsamira mutu tinachikweza kuti nsonga yake ifanane ndi pamwamba pa mutu, ndipo magalasi a m'mbali tinawatsegulako kuti asamavutike kutembenuza khosi.

Zonsezi sizinatitengere ndalama ngakhale tambala. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti palibe amene amawauza akuluakulu zinthu zotere. Ku Britain munthu akafika zaka 70 amakonzetsanso laisensi yake zaka zitatu zilizonse. Ku Japan, kumene magalimoto athuwa amachokera, oyendetsa a zaka 75 kupita m'tsogolo amayesedwa kaganizidwe ndi kukumbukira akamakonzetsa laisensi. Ine sindikupempha malamulo ena oti azikapanikiza nawo madala pa rodibuloko. Ndikungoti makaniko amene amawasinthira oyilo, kapena mwana amene amawatsukira galimoto, akhoza kuchita zimene ndinachitazi pa mphindi zochepa. Za maso ndi zina. Bambo amadandaula kuti magetsi a magalimoto obwera kutsogolo amawathobwa usiku, ndipo pamenepo mpando sungathandize, n'zofunika akapimidwe ng'ala. Avomera, ngakhale tsiku sanatchule.

Pobwerera ku Lilongwe anayendetsa okha, lamba ali paphewa. Titafika pa Linthipe anayang'ana pagalasi n'kufunsa azakhali chifukwa chake iwo kumbuyoko sanamange.