Achinyamata a pa Songwe nawonso akhale nawo pa zokambirana

Zomwe zinachitika pa chipata cha Songwe, pamalire a Malawi ndi Tanzania, mu Epulo 2025 sizinandichokebe m'mutu. Boma lathu linali litaletsa zokolola zina zochokera kunja, ndipo Tanzania inabwezera potsekera zokolola zathu. Katundu anaima mbali zonse ziwiri, nthochi n'kumaolera pamalire. Kumayambiriro kwa Meyi nduna za maiko awiriwa zinakumana ku Dodoma, nkhani inatha, tinapuma. Koma amene mpamba wawo unathera m'masiku amenewo ndi amayi ndi achinyamata ochita geni pakati pa Karonga ndi Kyela, pamodzi ndi anyamata a kabaza amene amadya pokhapokha anthu akamawoloka. Chimandiwawa n'chakuti anthu ngati amenewa amangomva pa wayilesi zomwe akuluakulu awagwirizanira.

Anzanga, mnyamata wa pa Songwe amadziwa kukhala bwino ndi Mtanzania kuposa ambiri a ife amene tinapita kusukulu. Amatsatsa malonda m'Chiswahili, akatembenuka n'kuyankhula Chinkhonde, chomwe Anyakyusa a tsidya linalo amachimva bwinobwino chifukwa ndi anthu amodzi. Amakongozana katundu, amakwatirana, amapitirana kumaliro. Mtsinje wa Songwe ukasefukira n'kusintha njira, munda umene unali ku Malawi umapezeka uli ku Tanzania, ndipo eni minda amayamba akambirana okha boma lisanafike. Ukazembe ndi umenewutu, ngakhale palibe amawutchula choncho.

Nkhani ya malire a pa nyanja ya Malawi ndiye imandipweteka kwambiri. Ife timaima pa pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany, lomwe linaika malire m'gombe la kum'mawa, pomwe Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Mkanganowu unabukanso mu 2012 chifukwa cha zofufuza mafuta, ndipo a Joaquim Chissano ndi a Thabo Mbeki, atsogoleri akale a Mozambique ndi South Africa, anayesa kukhala amkhalapakati, koma mpaka lero sunathe. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Ndi iwowa amene adzasiyiridwe mlanduwu. Ndipo amene amakumana ndi Atanzania pa madzipo usiku ndi usiku ndi anyamata opha usipa, amene akudziwa komwe nsomba zachepa komanso komwe kumabuka mikangano ya maukonde.

Sindikunena kuti palibe chachitika. Bungwe la African Union linavomereza pangano la achinyamata ku Banjul mu 2006, ndipo lakhala ndi kazembe wa achinyamata: Aya Chebbi wa ku Tunisia kuyambira 2018, kenako Chido Mpemba wa ku Zimbabwe mu 2021. Zimenezi ndimaziyamikira ndi mtima wonse. Vuto langa lili pa amene timaitanidwa. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa achinyamata mu hotela ina ku Lilongwe, wokamba za malonda a pamalire. Tonse tinali a m'tauni, Chingerezi chili thothotho, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anagonapo pa chipata kudikira kuti katundu wake amasulidwe. Ndinatuluka ndili ndi manyazi.

Pempho langa kwa akuluakulu ndi ili. Nthumwi zathu zikamapita kukakambirana ndi Tanzania, Zambia kapena Mozambique, zizitengako achinyamata a m'maboma a m'malire monga Karonga, Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Mulanje, osankhidwa ndi anzawo ochita malonda kapena asodzi. Akakhale pomwe pakumangidwa mfundo, apatsidwe mpata woyankhula m'chiyankhulo chomwe amatha. Chiswahili chinavomerezedwa kukhala chimodzi mwa ziyankhulo zogwirira ntchito za SADC mu 2019, ndiye mnyamata wa ku Karonga ali nacho kale choyambira. Ife a m'tauni amene timalandira makalata oitanira, ulendo wotsatira tifunse kuti wa pa Songwe ali kuti, ndipo ngati malo achepa, mmodzi wa ife amusiyire mpando.