Nimitz nayenso anatitimizapo sitima m'matope

Atolankhani mwalemba bwino za Chester Nimitz, mkulu uja wa asilikali apamadzi a ku America, koma pomwe mwati sanalakwitsepo pa ntchito pokhapo ndakana ine. Mu 1908 ali ndi zaka 23 ankayendetsa sitima yankhondo ya Decatur ku Philippines nkukaititimiza m'matope pafupi ndi Batangas, mpaka khoti la asilikali linamupeza wolakwa nkumulembera kalata yomudzudzula. Koma sanamuchotse usilikali ayi, ndipo yemweyu ndi amene anadzapatsidwa udindo wotsogolera zombo zankhondo za America ku nyanja ya Pacific pa 31 Disembala 1941, doko lawo la Pearl Harbor ku Hawaii litangophulitsidwa kumene ndi asilikali a ku Japan. Anzanga owerenga ineyo zimenezi zimandikhudza, ndinagwetsapo lole m'ngalande nthawi ya mvula, abwana anangondilanda makiyi pompo matope akadali m'nsapato, osandifunsa nkomwe kuti zakhala bwanji, mpaka lero zimandiwawa.